Mpeni wa Munthu wa ku Mina

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinawagulira Ababa mpeni wopinda, uja kwathu kuno timati kanivete. Mpaka lero ndikaukumbukira mpeni umenewo mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo. Pena ndimawakwiyira Ababawo, ngakhale kuti anatisiya. Koma nthawi zambiri ndimadzikwiyira ndekha, ndipo mkwiyo wodzikwiyira wekha ulibe kokausiya.

Ababa anali woumba njerwa. Anachoka kwawo ku Zobwe ali mnyamata n'kubwera ku Moatize, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo wonse unali m'dambo: kuponda dongo, kuthira m'chikombole, kuyanika, kupanga uvuni, kuotcha, kuphula. Tikamayenda m'makwalala a ku 25 de Setembro kumene tinkakhala, ankaloza nyumba ndi chibwano n'kumati, "Ijayo ndi njerwa zanga." Ndili wamng'ono ndinkanyadira. Nditakula pang'ono ndinayamba kuyang'ana kumbali.

Kenaka kunabwera za malasha. Akampani anatchinga dambo lija ndi waya, ndipo ntchito ya njerwa inathera pomwepo. Amuna ena a m'dera lathu anapeza ntchito ku mina, kumgodi wa malashawo. Ankavala maovolosi owala ndi nsapato zazikulu, basi n'kumadzawatenga m'mawa ife tikuona. Ababa anapitako kangapo kukaima pageti, koma mapepala a maphunziro a ku shikola analibe, ndiponso ankati akula. Ku shikola kwathu ana tinagawikana patokha popanda wotigawa: kunali ana a anthu a ku mina, kunalinso enafe. Palibe amene ankanena poyera, koma unkangodziwa mbali yako poona nsapato zako.

Azakhali anga, mlongo wawo wa Ababa amene anatsala ku Zobwe, ndi amene anawapatsa nzeru yoti azikapikula mbatata ya kachewere ndi kabichi kumeneko n'kumadzagulitsa ku Moatize. Ntchito imeneyo imafuna mpeni tsiku lililonse. Pali zingwe zodula, pali masamba a kabichi osadza, pali mbatata yoti uicheke wogula aone kuti m'kati ndi yabwino. Mwamuna aliyense wa ntchito imeneyo amayenda ndi kanivete m'thumba. Ababa okha ankayenda ndi chidutswa cha mpeni wa kukhitchini umene unathyoka chogwirira, atachikulunga m'kansanza. Abale, chinthu chimenecho chinkandichititsa manyazi! Akachitulutsa pagulu n'kuyamba kumasula kansanzako, ine ndinkafuna nthaka itang'ambika.

Tsono pa tchuthi Amayi ananditumiza kwa azakhali ku Zobwe. Tsiku lonyamuka anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundipatsa kanthu kamene anasunga pa malonda awo a mandasi.

"Ukawagulire abambo ako kanivete," anatero motsitsa mawu. "Ukapite kwa a Sulemani, osati kwa anyamata a mumsewu aja. Iwe ndiwe wophunzira, ukasankhe wabwino. Usawauze."

Ha! Ndinadzimva kuti ndine munthu. Ulendo wonse m'shapa, minibasi zathu zija, ndinkangoganiza za mpeniwo.

A Sulemani anali Msilamu wachikulire, wa ndevu zoyera ndi kachipewa koyera, ndipo loja yawo, kasitolo kakang'ono, inali pafupi ndi msika wa ku Zobwe. Munkanunkhira sopo, parafini ndi zingwe zatsopano. Ndinalowa m'mawa, nkhungu ya ku phiri isanachoke, zala zanga zili zii ndi kuzizira. Mipeni inali m'kabokosi kagalasi. Nditanena chimene ndadzera, sanafulumire. Anayala kansalu pa tebulo n'kuika mipeni isanu kapena isanu ndi umodzi, umodziumodzi, ngati akuika mazira.

Ndisaname, ndinasankha mosamala. Sindinali mwana wongotengeka ndi chonyezimira. Ndinautenga uliwonse, kuutsegula, kuutseka, kuugwedeza kuti ndimve ngati ukukhwekhweta. Wina unali wautali kwambiri, woti ungaboole thumba. Wina unali ndi tinthu tambirimbiri, kotsegulira botolo, kalumo, kaya chiyani, ndipo ndinaona kuti ndi choseweretsa chabe. Inatsala iwiri. Woyamba unali wachikalekale, wa chogwirira cha mtengo, chitsulo chake chakuda, ndipo ukaupinda msana wake unkatsala kunja moti unkangougwira ndi zala ziwiri n'kuukoka. Wachiwiri unali wa chogwirira chakuda chosalala. Ukaupinda chitsulo chonse chinkabisala m'kati, kungotsala kamzere kakang'ono kokolapo chikhadabo. Unali wolimba potsegula, ndipo potseka unkalira kuti kha!

A Sulemani ankangondiyang'ana. Kenaka anafunsa.

"Mpeniwu ndi wa ndani, mwanawe?"

"Wa Ababa."

"Abambo akowo amagwira ntchito yanji? Ndimafunsa aliyense, chifukwa mipeniyi si yofanana."

Mu lojamo munalibe munthu wina aliyense. Munalibe mnzanga wa ku shikola, munalibe wondidziwa, munalibe woti ndimuonetsere. Munali ine ndi nkhalamba imodzi imene sinkandidziwa n'komwe. Komabe pakamwa pangapa panatuluka mawu awa:

"Amagwira ku mina, ku Moatize."

Ndipo anandikomera mawuwo, ndisabise. Ndinaimirira mowongoka ngati ndavala nsapato zatsopano.

"Oo, a ku mina," anatero a Sulemani. Anatenga wa chogwirira cha mtengo uja n'kuubweza m'kabokosi. "Ndiye tenga wakudawu. Sutseguka wokha m'thumba, fumbi sililowa, ndipo anthu a kumeneko amaukonda."

Ndinatuluka ndikuuluka.

Nditabwerera ku Moatize ndinawapatsa Ababa titangomaliza kudya masana, Amayi akumwetulira pakhomo. Anaulandira ndi manja awiri. Anautembenuza uku ndi uku, n'kuuyeza kulemera kwake pachikhatho.

"Koma ndiye ndi mpenitu uwu," anatero. "Tautsegula, Luwiza, ndiuone."

Ndinautsegula. Anauyesa pa ubweya wa pamkono, ubweyawo n'kugwa. Anagwedeza mutu mokhutira, anandiuza kuti ndiutseke, n'kuuika m'thumba la buluku. Anandifunsa kumene ndinagula. Nditati kwa a Sulemani, anandiyang'ana kanthawi, kenaka anangoti, "Zikomo, mama." Usiku umenewo ndinagona ngati mfumu.

Koma m'mawa mwake, akusadza kabichi pakhonde, ndinaona akumasula kansanza kaja.

Ndinati mwina aiwala. Tsiku lachiwiri, chimodzimodzi. Mlungu unatha, unalowa wina, chidutswa chija chili pa ntchito. Masiku ambiri mpeni wanga sunkadula ngakhale ulusi. Nthawi yokha imene unkatuluka inali pamene chidutswacho chalephera, ndipo apo ankandiitana.

"Luwiza! Tabwera utsegule mpeni wako uja."

Mpeni wako! Mawu amenewo ankandibaya. Ine ndawagulira iwo, iwo akuti ndi wanga. Ndiye kuti akuukana, eti? Ndinkabwera nditafufuma ngati finye, kuutsegula, kuwapatsa, n'kuchokapo ndikuguguda mapazi. Akamaliza ankautseka okha n'kuubweza m'thumba. Ndinkadzifunsa kuti kodi munthu wamkulu chonchi, kutsegula mpeni mpaka kuitana mwana amene ali kutali akutsuka mbale? Ndi ulesi kapena ndi kundizunza dala?

Ndinakadandaula kwa Amayi.

"Sakuufuna. Akanakhala kuti wagula ndi mwana wamwamuna bwenzi akuuonetsa tauni yonse. Koma poti ndasankha ine wamkazi, akuona ngati ndi chidole."

"Asiye abambo ako," anatero Amayi osandiyang'ana. "Usawavute."

"Ndiye anene kuti sakuufuna, ndikabweze!"

"Ndati asiye."

Asa! Aliyense m'nyumbamo ankangoti asiye, asiye. Palibe amene ankandiuza chifukwa. Ndinasunga mkwiyowo miyezi iwiri yathunthu, ndipo unkakula tsiku lililonse ndikaona kansanza kaja.

Loweruka lina Ababa ananditenga kuti ndikawathandize kupikula ku Zobwe. Tinagula matumba a mbatata n'kuwabweretsa pamalo okwerera shapa dzuwa lili pamutu. Panali anthu ambiri: amayi ogulitsa nthochi, anyamata onyamula katundu, amuna anzawo a Ababa a malonda omwewa. Matumba athu awiri anali omangidwa pamodzi ndi chingwe cha nayiloni, ndipo sankalowa kumbuyo kwa shapa. Kobradori, mnyamata wolowetsa anthu m'galimotomo, anali wapakamwa kwambiri.

"Dulani chingwecho, madala, tikuchedwa! Anthu akupsa m'katimu!"

Ababa anapisa m'thumba n'kutulutsa kansanza. Anamasula. Anayamba kucheka. Nayiloni sachekeka ndi chinthu chobuntha, amangoterera. Anacheka, anacheka, chingwe chili chomwecho.

"Madala, chimenecho ndi mpeni kapena supuni?" anakuwa kobradori. "Tifika mawatu ku Moatize!"

Anthu anaseka. Ngakhale a m'shapa anasuzumira pa mawindo n'kumaseka. Ine kumaso kunatentha. Zonse za miyezi iwiri zija zinandibwerera nthawi imodzi, ndipo ndinalankhula mokweza, pamaso pa anthu onsewo, mawu amene mwana salankhula kwa bambo wake.

"Ababa, mukutichititsa manyazi dala! Mpeni ndinakugulirani uja uli kuti? Munataya?"

Anaweramuka pang'onopang'ono.

"Uli m'thumba muno."

"Ndiye tulutsani! Tsegulani mudule, anthu aleke kutiseka!"

Phokoso linachepa. Mmodzi mwa anzawo a Ababa anati, "Iwe mwana, amalankhula choncho?" Koma ine ndinali nditapsa kale, sindinkamva za munthu.

Ababa anandiyang'ana. Sanakwiye. Akanakwiya, zikanandipepukira. Anapisa m'thumba lina n'kutulutsa mpeni uja, uli woyera bwino ngati tsiku limene ndinaugula. Anaugwira ndi dzanja lamanzere, n'kuika chala chachikulu chamanja pa kamzere kaja.

Chala chinaterera.

Anayesanso. Chinaterera. Anasintha dzanja, kuyesa ndi chamanzere. Chimodzimodzi. Ndipo apo m'pamene ndinayang'ana manja a Ababa, kuyang'ana kwenikweni, koyamba m'moyo wanga. Manja amenewo ndinkawaona tsiku lililonse tikamadya, koma monga momwe umaonera khoma la nyumba yanu, osaliyang'ana. Analibe zikhadabo. Dongo la zaka zonse zija ndi njerwa zamoto zophula mu uvuni zinazidya n'kungosiya tizidutswa tokhuthala tokwiririka m'mnofu. Nsonga za zala zinali zosalala ngati miyala ya mumtsinje. Panalibe choti chikole pa kamzereko.

Anayesabe. Mitsempha ya pamkono inatuluka. Kenaka, anthu onse akuona, anaukweza mpeniwo kukamwa kuti ayese ndi mano.

"Zakwana, achimwene," anatero mayi wina wogulitsa nthochi. "Zakwana."

Palibe anasekanso. Ngakhale kobradori uja anayang'ana matayala. Ababa anapukuta mpeniwo pa malaya n'kunditambasulira dzanja.

"Tsegula, mama."

Ndinautsegula ndi chikhadabo changa chimodzi, mosavuta n'komwe. Anaulandira, anacheka chingwe kamodzi kokha, matumba n'kulekana. Unali mpeni wabwino zedi. Chimenecho ndiye chinandipweteka koposa.

Ulendo wa ku Moatize tsiku limenelo unatalika. Ndinakhala pa thumba la mbatata, mawondo anga akugundana ndi a Ababa. Tinatsika mapiri, mphepo yozizira inatha, kunayamba kutentha ndi milambe m'mbali mwa msewu, malole akutipitirira ndi fumbi lawo. Ababa ankayang'ana pawindo. Manja anawaika pakati pa miyendo. Ine ndinkafuna kulira koma mkwiyo unali usanathe, kungoti unasowa kolowera. Ndinkawakwiyira Amayi amene ankadziwa koma osandiuza. Ndinkamukwiyira kobradori. Ndinkawakwiyira a Sulemani pondipatsa mpeni wotero. Ndinkawakwiyira Ababa chifukwa chokhala chete.

Titatsika ku Moatize tinakweza matumba pa tchova, ngolo yokankha ija, mwini wake n'kutsogola nayo. Ife tinkabwera m'mbuyo, awiriwiri, m'fumbi la madzulo. Sindinathe kupirira.

"Bwanji simunanene?" ndinatero. "Miyezi iwiri! Mukanangonena tsiku lomwe lija, ndikanakasintha!"

"Ndinene kuti chiyani?" anatero. "Mwana wanga wandigulira mphatso, nkhope ili ngwee, ine ndimuuze kuti abambo ako alibe zikhadabo?"

"Ndiye olakwa ndi a Sulemani! Unalipo wina wa mtengo, wosavuta kutsegula, iwo anaubweza m'kabokosi!"

Ababa anayenda mapazi angapo. Kenaka analankhula mofatsa, ngati akufunsa mtengo wa kabichi.

"A Sulemani ndimawadziwa kuyambira ndili mnyamata. Sagulitsa mpeni asanafunse ntchito ya munthu. Akamva kuti woumba njerwa, amadziwa kale za manja ake. Onse a m'dambo aja anawagulitsa wa mtengo." Anaima n'kundiyang'ana. "Iwe unawauza kuti ndimagwira ntchito yanji?"

Ndinayang'ana zala zanga za kumapazi zitayera ndi fumbi. Ndikanatha kunamanso, koma ndinaona pankhope pawo kuti sakufunsa kuti adziwe.

"Ndinati a ku mina."

Anagwedeza mutu kawiri, pang'onopang'ono.

"Eya. Ndiye anakupatsa mpeni wa munthu ameneyo. Sanalakwe."

Anapitiriza kuyenda. Sanawonjezerepo kanthu, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Ine ndinatsala nditaima pamsewu, kenaka ndinawathamangira ndikulira, ndikuti ndikabweza, ndikasintha, ndipita mawa lomwe ndi shapa yoyamba.

"Ayi," anatero. "Ndi wanga."

Ndipo anakanadi. Ndinawachonderera kangapo m'zaka zotsatira, iwo osatheka. Ababa anali ouma mutu, ndipo m'pamene ndinatengera ineyo. Nditayamba kudzipezera ndekha ndinakawagulira wa chogwirira cha mtengo uja, ndipo umenewo ndi umene anagwiritsa ntchito mpaka mphamvu zitawathera. Koma wakuda uja sanausiye. Unkakhala m'thumba lina, wotseka, mpaka unaboola mabuluku angapo, Amayi akudandaula posoka.

Tsopano ndine mayi wa ana anga, ndipo ndimagulitsa mbatata yomweyo pamsika wa ku Moatize. Anthu akamandifunsa kuti mpeni wabwino woyenda nawo ndi uti, ndimatha kuwauza za chitsulo, za kulimba kwake, za kutalika kwake. Zonsezo ndinazidziwa ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo sizinandithandize. Ndinasankha bwino ndithu, koma ndinasankhira bambo amene ndinkafuna nditakhala naye, osati amene anandilera.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa lalikulu linali la pa shapa paja, powachititsa kuluma chitsulo pamaso pa anzawo. Ndazindikira mochedwa kuti pamenepo sipanali poyambira. Ababa anadziwa zonse masana oyamba aja, pamene ndinatchula dzina la a Sulemani iwo n'kundiyang'ana kanthawi. Anaona mpeniwo, anadziwa funso limene ndinafunsidwa, ndipo anadziwa kuti sindinayankhe zoona. Miyezi iwiri yonse ija ine ndikufufuma, ndikuguguda mapazi, ndikuuza Amayi kuti Ababa akundinyoza, iwo ankadziwa kuti mwana wawo anachita nawo manyazi kwa munthu wachilendo m'loja mopanda anthu. Ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka, kuvala, n'kuuika m'thumba.